Lachiwiri Lililonse

Ku Sentolo mabedi awo anali oyandikana:
bambo anga, telala wa ku Kabudula,
ndi a Zenengeya a ku Eliya 47.
Sitiroko inawagwira sabata imodzi,
onse mbali ya kumanja,
pakamwa pokhota ngati chikwakwa.

Potuluka anatipatsa timakhadi tofanana:
mafizo, Lachiwiri lililonse.

Lachiwiri la a Zenengeya
ndi mphindi khumi pagalimoto.
Lathu ndi kabaza, matola, minibasi,
kenako kubereka munthu wamkulu padepoti
maso a anthu ali pa iwe.
Tinagulitsa mbuzi, tinapita kanayi.
Mbuzi inatha, Lachiwiri silinathe.

Ndinamanga nsungwi
kuchoka pakhonde kukafika pa mpoza.
Amagwira, nkumakhwekhwereza mwendo.
M'dzanja ndimawafumbatitsa chitsononkho.
Chimagwa. Ndimatola.
Chimagwa.

Dzana ndinakumana ndi a Zenengeya
pamlatho wa ku Tsoka,
akuyenda okha, ndodo ili m'khwapa.
"Anzanga aja ali bwanji?"
"Aliko," ndinatero.

Makina a bambo tinawafunditsa chitenje.
Pansi pa singano pakadali
malaya a mwana wasukulu,
mkono umodzi wosalumikiza.