Kumanzere kwa Abusa Chikalusa

Zaka makumi atatu ndi zinayi ndakhala ndikuima kumanzere kwanu,
Abusa Yotamu Chikalusa,
inu kuponya mawu m'Chinyanja,
ine kuwawakha, kuwatembenuzira m'Chishona
asanagwe pansi.
Mukati "Aleluya" m'pamene ndinkapumirako,
poti liwu limenelo silifuna womasulira.

Munayamba muli telala pakhonde la sitolo ku Mufakose,
masana kusoka mayunifolomu a ana asukulu,
madzulo kulalikira pansi pa jakaranda.
Oyamba kukumverani anali anthu anayi:
awiri oledzera, mayi wogulitsa tomato,
ndi ine, wongousa mvula.

Ankatinyoza kuti ndife mabwidi, anthu opanda kwawo.
Inu n'kuseka mpaka kutsokomola:
"Nanga Abrahamu anali ndi chitupa?"

Munkabatiza mu Mukuvisi, thalauza mutapinda m'mawondo,
thovu la kumafakitale likukuzungulirani.
Mukayamba malilime ndinkangopinda manja,
ntchito imeneyo sinali yanga.

Ndiulule lero: tsiku lina ndinakuberani mawu.
Munadzudzula a Gwenhure, omwe anatigulira malata,
pa nkhani ya mkazi wobisika ku Kambuzuma.
Ine poopa denga ndinathiramo shuga.
Titatuluka munandigwira pamkono:
"Mwanawe, Chishona ndimamva.
Ndinakupatsira mpeni, iwe wakapereka supuni."
Sindinabwerezenso.

Chaka chimene zigalimoto zinkagumula nyumba za amphawi,
tchalitchi chathu chinagwa tiyi asanazizire m'kapu.
Munatolapo benchi limodzi ndi ng'oma yobooka.
Lamulungu lotsatira tinaimba pa zidutswa za njerwa,
apolisi akutiyang'ana, mmodzi akugwedeza phazi mobisa.

Kenaka kolera.
Chopereka chodzaza thumba la feteleza
sichinkakwana buledi mmodzi.
Maliro asanu ndi awiri sabata imodzi,
wachisanu ndi chiwiri anali Dorika, chitsiriza wanu.
Munali mutasanjika manja pa ambiri, iwo n'kudzuka.
Iye ayi.
Ku manda a ku Mbudzi anthu anadikira ulaliki,
inu munangoti, "Ambuye, sindikumvetsa."
Ndinamasulira momwemo,
osawonjeza, osachotsa.

Atabwera aneneri a masuti onyezimira,
ogulitsa mafuta odzozera m'timabotolo,
theka la mpingo linawatsatira kutauni.
Tinakudandaulirani kuti nafenso tiyambe.
Munati mafuta a m'botolo ngokazingira mazira,
n'kukwera njinga yanu yolira tcheni
kukaona gogo wina wa ku Dedza wogonera ku chipatala cha Gomo,
amene ana ake anaiwala kale chiyankhulo chake.

Munali ndi zanu, musakane.
Ulaliki wa maola atatu, ana akukomoka ndi njala.
Kukana kupuma, kukana mapilitsi,
kukalipira oimba chifukwa cha gitala.
Mayi a kunyumba anadya okha chakudya chamadzulo
zaka zochuluka kuposa zimene mungawerenge.

Tsopano sitiroko yakumangani lilime.
Mumakhala kutsogolo pampando wapulasitiki,
bulangete pamiyendo,
Baibulo losokedwa ndi ulusi wa makina anu lili pachifuwa.
Wolalikira ndi mnyamata amene munamudalitsa ali khanda,
amalalikira m'Chishona ndi Chingerezi,
safuna munthu kumanzere kwake.

Komabe mapemphero akatha anthu amabwera kwa ine:
"Akuti chiyani abusa?"

Dzulo milomo yanu inagwedezeka.
Ndinawerama, khutu pafupi ndi ndevu zanu zoyera.
Mwina munati, "Yesu ndi yemweyo."
Mwina munati, "Nsapato ikundithina."
Zaka zonsezi, ndipo sindinathe kusiyanitsa.

Ndinagwada, n'kumasula chingwe cha nsapato yakumanzere.
Munapumira m'mwamba.
Kumbuyo kwanga mpingo wonse unati, "Ameni."