Dzina Limene Linachedwa

Buku langa la kuchipatala ili ndi lachinayi.
Atatu oyamba ndinataya:
lina m'minibasi ya ku Limbe,
lina pa benchi ya ogulitsa nanazi pa Chitakale,
lachitatu ndinalipeza chaka chatha m'thumba la nyemba
litafumbwa pamodzi ndi nyembazo.

M'mabuku onsewo analembamo zimene ndinalibe.
Woyamba anati ndi bipi, chepetsani mchere.
Wina anati ndi maganizo chabe, mayi,
nandipatsa timapiritsi tondigoneka mpaka dzuwa pamutu.
Mneneri wa ku Nkando anaona mzimu woyendayenda,
anandimwetsa madzi a m'botolo la sobo.
Pobwerera, ine ndi mzimuwo tinakwera kabaza mmodzi.

Kusukulu sindinkalumpha pa madesiki ngati Wisikesi.
Iye ankakwapulidwa, ine ndinkangoiwalika,
ndili phee pafupi ndi zenera,
maso ku Chambe, kuperekeza mtambo umodzi
mpaka belu.
Teremu iliyonse inki yofiira, mawu omwewo:
Elube ndi wanzeru koma salimbikira.
Ndinawakhulupirira.

Tsopano ndine kalaliki wa pa sikelo kuesiteti.
Makilo a tiyi wa Nasiyaya ndinalembapo pa dzina la Nanthambwe,
thukuta la wina kulowa m'thumba la wina,
usiku onse ndili pa tochi kukonza mizere
kuti kapitawo asadziwe.
Mwana wanga wandidikirapo pa geti ya sukulu
mpaka mlonda anamugawira mbatata.
Koma ndipatseni makina ndi nsalu,
tambala adzalira ndisanamwe ndi madzi omwe.
Bambo a kunyumba amati: ndiye kuti umasankha.

Lachinayi lina, chipinda chakumapeto kwa khonde,
a Khonyongwa sanathamangire cholembera.
Anafunsa, nadikira.
Ndinayamba nkhani zisanu, osamaliza ndi imodzi yomwe,
iwo anazitola zonse ngati mikanda yoduka ulusi.
Anandiyeza magazi, anafunsa za tulo,
za chisoni, za mowa, za mwezi wanga.
Anati mubwerenso ndi munthu amene anakuonani muli mwana.

Ndinabwera ndi azakhali a ku Thuchila
atavala chitenje cha kutchalitchi.
Uyu? anatero. Timutume mchere,
abwera ndi nkhani ya agulugufe, ndalama ili m'manja.
Tinaseka tonse atatu,
koma ine kukhosi kunali kutatseka.

Ulendo wachitatu ndi pamene analemba.
Zilembo zinayi zokha, ADHD,
pa tsamba lokhala ndi banga la mafuta.
Ndinati, si za anyamata osamva zimenezo?
Anati atsikana ambiri amathamanga cha m'kati,
thupi lili duu, ndiye sitiwaona.
Anati si ulesi. Anabwereza,
poona kuti maso anga apita kale ku zenera.

Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu
ndikupepesa anthu.

Panja chiperoni chinali chitameza phiri lonse.
Ndinakhala pa khwawa la simenti, ndinalira,
osalirira mayi wa pa sikelo uja
koma kamtsikana ka pa zenera,
ka yunifolomu yomanga mabatani mophonya,
kamene kankalumbira usiku uliwonse kuti mawa kasintha.

Mankhwala akuti amapezeka mwa apo ndi apo,
mwina ndidzafunika kukafika ku Blantyre.
Pakali pano foni imalira kasanu pa tsiku kundikumbutsa za moyo wanga,
makilo ndimawawerenga mokweza, wothyola akumva,
buku ili ndalimangirira ku chikwama ndi ulusi wa thumba la feteleza.
Bambo a kunyumba sanavomerebe,
koma dzulo anafunsa kuti zilembo zija n'ziti.

Ambulera yanga inatsala pa benchi ya kuchipatala.
Ndinakumbukira ndili pa Chisitu, nditanyowa kale.
Sindinadzitukwane.
Ndikaitenga Lachinayi.