Chivomezi cha Lachiwiri

Ife a ku Valparaíso tinabadwira pa nthaka yosakhazikika.
Makapu akayamba kulira m'kabati
ngakhale mwana amadziwa pothawira.
Zaka makumi asanu ndi awiri ndakhala ndikuthawa chivomezi,
lero ndikuchilipira ndalama,
Lachiwiri lililonse, naini koloko.

Vulani nsapato, a Baldomero,
akutero Rayén, mtsikana wa mafizo.
Kathabwa kachitsulo kali pansi, kosaposa chopondera pakhomo.
Pindani mawondo pang'ono. Musaumitse khosi.
Masekondi makumi atatu basi.

Wadina batani.

Mano anga oikirira ayamba miseche okhaokha,
kalendala ya pakhoma yabereka inzake,
m'makutu mwalowa njuchi.
Ndagwira chitsulo ngati tsiku loyamba padoko
pamene kireni inandikweza pamwamba pa sitima
ine ndikuitana amayi chamumtima.

Mwendo wakumanzere uwu
unandikana chaka chatha, sitiroko itandipeza ndikusenda anyezi.
Kuyambira pamenepo ndimaukoka
ngati thumba la eni lomwe ndalakwitsa adiresi.

Rayén akuti mnofu sunafe, wangotseka chitseko,
ndipo mitsempha yaiwala njira ya kwawo.
Thabwali limagogoda, kugogoda, kugogoda,
mpaka wam'nyumba atatopa n'kuyankha.
Koma zozizwitsa sindigulitsa, akutero,
mpando uwo mudzukapo nokha kasanu,
manja pachifuwa, ine ndikuwerenga.

Sabata yoyamba, kuyabwa kokha m'akatumba.
Yachiwiri, ndinatukwana.
Yachinayi sindinapite, kunali mvula, komanso ndinali nditakwiya
ndi mwendo, ndi Mulungu, ndi mtengo wa basi.
Yachisanu ndi chimodzi
chala chachikulu chinakanda thabwa
ngati mphaka woyesa ngati pakhomo pali bwino.
Rayén sanaombe m'manja. Analemba m'kope,
n'kuwonjezera masekondi khumi.

Kwathu n'kuphiri, masitepe makumi asanu ndi anayi kudza atatu.
Kale ndinkawakwera ndi botolo la gasi paphewa.
Tsopano ndimapumira pa khomo lobiriwira
pomwe galu wa Nicanor amandiuwa mwaulemu,
wandizolowera, amadziwa kuti sindithamanga.
Mwezi watha ndinkapumira masitepe asanu ndi awiri m'munsi mwake.

Ndiye usiku wa Loweruka chinabwera chenicheni,
chosalipiritsa, chopanda batani.
Makapu analira. Nyale inavina padenga.
Agalu onse a m'phiri anayamba nyimbo imodzi.

Chitaleka, Eduvigis anayatsa tochi
n'kundipeza pakhomo la chipinda,
wopanda nsapato, mawondo opinda pang'ono, khosi lofewa,
milomo ikuwerenga: makumi awiri ndi zisanu, ndi zisanu n'chimodzi...

Anandiunika kumaso, kenako kumapazi,
kenako kubedi
komwe ndodo yanga inali itagwa pansi, yokhayokha.

Iwe, anatero, wafika bwanji pamenepo?

Sindinamuyankhe.
Ndinali ndisanamalize kuwerenga.