Khomo la Kuseri

Magetsi anathima Lachiwiri usiku
kompyuta ya malemu ili mkati modzikonza yokha,
kagudumu kakuzungulira pa sikirini
ngati nkhuku ya chitopa.
Kutacha ndinaiyatsa.
Ndinalemba mawu achinsinsi omwe aja,
dzina la mbuzi yathu yoyamba ndi chaka cha ukwati.
Inavomera, koma inandilowetsa m'chipinda chosesa.
Chithunzi cha Gelevazio ataima pachigafa, palibe.
Mafayilo a kalabu ya fodya, palibe.
Pakona kauthenga kakuti ndalowa ngati mlendo,
chimene ndingasunge chifufutika ndikatuluka.

Mlendo.
Liwu limeneli ndinalimva kale mwezi watha
pakamwa pa alamu anga, titangometa maliro.

Ndinaikulunga m'chitenje, ndinakwera minibasi pa Santhe
mpaka pa boma, kuseri kwa depoti ya Kasungu,
pa kashopu ka malata koyandikana ndi omata matayala,
pomwe Msaiwale amakonza mafoni,
mtsikana wa zala zodzaza ndi timabala ta moto.

Sanafulumire. Anayamba wapukuta fumbi pa mabatani.
Sinafe iyi, mayi, anatero.
Akaunti ya woyang'anira ndiyo yasokonezeka.
Katundu alimo yense,
koma makina aiwala njira ya kuchipinda chake.

Anaizimitsa, nkuiyatsa atapanikiza batani limodzi.
Inadzuka ndi zilembo zikuluzikulu, yopanda zokongoletsa,
ngati munthu wotuluka kuchipatala.
Tilowera khomo la kuseri, anatero.
Pa windo lakuda analemba mizere yoyera
imene ine sindinaitolepo kanthu.
Muli woyang'anira wina wobisika, inabadwa naye,
amangogona mpaka wina amudzutse.
Ndinaseka, koyamba chichokereni kumanda.
Ngakhale makina ali ndi mwini mbumba?

Anayesa kudzutsa akaunti yakale. Inakana.
Anayesanso, atasintha manambala awiri penapake. Inakana.
Jenereta ya omata matayala inatsokomola, nkupitiriza.
Yakaleyi tisaivutitse, mayi.
Titsegule yatsopano, tisamutse katundu.

Kamzere kobiriwira kanayamba kukwawa.
Ndinaonerera mayina akudutsa:
mabelo a chaka chatha, masikelo a ku Chinkhoma,
kalata yopempha malo a Tiyanjane ku sekondale,
zithunzi za nazale, mazana atatu,
munthu uja ankajambula mbande kuposa ana ake.
Kenako fayilo ya angongole.
Ndinati tatsegulani.
Mzere wachinayi, dzina la alamu anga:
matumba asanu a fetereza, osabweza.
Omwe aja ankati laputopu yakufa ilibe ntchito pakhomo pa mkazi,
aitenge akaione kwa mnzawo ku Lilongwe.

Msaiwale sanayang'ane. Ankathamangitsa ntchentche.
Kenako anandisendezera kiyibodi.
Tilembe dzina lanji?
Gelevazio, ndinayankha, lilime litathamanga lokha.
Anakhala chete, manja ali pamiyendo.
Panja wakabaza ankakangana ndi munthu pa chenje.
Aziyatsa ndani mawa? anafunsa.

Ndinalemba ndi chala chimodzi,
kufunafuna chilembo chilichonse ngati ndikutola mtedza wotsalira m'munda:
Etelina.
Mawu achinsinsi anatembenuka kuti asaone,
ndipo pano sindiwanena.
Wobisika uja anamugonekanso, anati asamakhale maso pachabe.
Anandiuza ndigule fulashi, ndizisungako zofunika,
magetsi a kuno sapangana ndi munthu.
Ndinalipira, anandichotserako ya minibasi.

Madzulo, pa tebulo lake lija la mwendo umodzi waufupi,
ndinafuna kukonza tsiku, linali litabwerera m'mbuyo.
Kawindo kanatulukira, kakufunsa
ngati woyang'anira akulola kuti zisinthe.
Ndinacheuka, mwachizolowezi, kuyang'ana kumpando.
Panali jekete yake basi.
Tiyanjane anaima pakhomo ndi nyali, akudikira.
Ndinakokera mpando uja pafupi,
nkukhalapo,
nkudina Inde.