Khomo Lolembedwa ndi Choko

Bambo Pang anandipempha machesi
Loweruka lija titamaliza kukonza sikelo pa Ngabu,
Epulo atangolowa, thonje likuyamba kuphulika m'minda,
dzuwa la m'chigwa lisanayambe kukhululukira munthu.
Ndinkayesa ndi fodya. Koma iwo sasuta.

Tinazungulira kuseri kwa shedi ya mabelo,
kumene kumagona mbuzi za a Tchapo.
Anathyola nthambi ya nimu, nasesa pansi,
kuchotsa manyi a mbuzi ndi zitsekerero za mabotolo,
kenaka ndi choko cholembera mabelo
anajambula bwalo, koma sanalitseke.
Anasiya mpata kumpoto chakum'mawa
kuti atate awo, akuti, adziwe polowera.

Malalanje atatu a pamsika.
Mpunga wophika okha, m'mbale yapulasitiki.
Kabotolo ka mowa wakwawo, fungo lake lobaya m'mphuno.
Mapepala achikasu odulidwa usiku ndi sizasi ya mu ofesi.
"Ndalama izi," anatero. "Kumeneko nakonso zinthu zakwera."
Ndinasowa pobisa mano.

Kwawo lero, akuti, kukuwaza kamvula kosanyowetsa malaya,
mitengo ya m'mbali mwa mtsinje ikuphukira,
mabanja akukwera phiri ndi makasu ndi matsache
kukalambula manda, kupukuta maina pamiyala,
ana akuulutsa makaiti pamwamba pa akufa.
Kwawo chaka chikudzuka kumene.
Kuno mvula ikulongedza katundu,
mapira aweramitsa mitu, udzu wayamba kufiira.
Dziko ndi limodzi, koma ligona mosinthana ngati alonda.

Anagwada katatu, chipumi mpaka m'fumbi.
Munthu amene amandidula malipiro ndikachedwa mphindi khumi
analira osatulutsa mawu, mapewa okha kugwedezeka,
utsi ukupita kumene wafuna,
osasamala za mpata uja.

Moto utazilala anati, "Zuze,
nanga amayi ako anagona kuti?"

Ndikanayankha chiyani?
Amayi tinawaika ku Makhanga, patsinde pa msau.
Chaka cha madzi chija Ruo atasintha njira
anatenga msau, mtanda, mitumbira ya mudzi wonse,
nasiya mchenga woyera ngati sipanalirepo munthu.
Lero pamenepo ena akulimapo mbatata.
Ine mbatata yakumeneko sindidya.
Zaka zonsezi ndakhala ndikudzinyenga
kuti wopanda manda alibe ngongole ya tsache.
Ndinangoti, "Kutali, bwana."
Iwo anagwedeza mutu, poti kutali amakudziwa.

Ndine mkulu wa mpingo ine.
M'mawa mwake inali nthawi yanga yolalikira.
Malume ankathira ufa wa mapira patsinde pa mtengo
mpaka tinawaletsa ndi nyimbo ndi mavesi.
Choncho sindinawotche kanthu, Mulungu ndi mboni.
Koma bwana atapita kumpopi kukasamba m'manja
choko chinatsala pamwala,
ndipo dzanja langa silinandifunse.
Langa linatuluka lokhota ngati dzira la bakha,
khomo kuloza kutsidya kwa Shire,
kumene Ruo amalowa atanyamula za eni.
Ndinasesa m'kati mwake ndi chikhatho,
ndi kutchula dzina lonse, Eneresi Nyasemba,
dzina limene lilime langa linali litaiwala kulemera kwake.
Ndinalibe lalanje, ndinalibe ufa.
Ndinawauza kuti Fainesi wayamba sekondale ku Bangula,
kuti denga lija tinafolera malata,
kuti bondo lawo lija tsopano likupweteka ine.

Lolemba tinapeza mbuzi zitadya malalanje,
mphepo itafufuta makomo onse awiri,
patatsala kaphulusa kakuda ndi mapazi a nkhuku.
Tinayesa sikelo ndi mwala wa makilo khumi,
singano inaima pamene iyenera kuima.
Bambo Pang anayang'ana wotchi, nayang'ana ine.
Ndinali nditachedwa mphindi khumi ndi ziwiri.
Anatsegula buku, cholembera m'manja,
nalitsekanso osalemba kanthu.