Zimene Ndinakanena ku Boma

Kalata inafika Lachiwiri, itanyowa m'thumba la wakabaza:
Aphunzitsi a Mukhwapa, mubwere ku boma Lachisanu,
dziko likukonza ndondomeko
ya makompyuta, mafoni ndi intaneti,
tikufuna maganizo anu.

Maganizo ndinali nawo.
Nsapato ndinachita kubwereka.

Ndinanyamuka pa Limbuli nkhungu isanachoke m'mizere ya tiyi,
phiri litafunda mpaka m'khosi.
M'minibasi foni yanga inalira,
kundilandira ku Mozambiki m'Chipwitikizi
ndili pampando wanga, m'dziko langa,
mayunitsi n'kuwolokera okha kutsidya kwa Muloza.

M'holo munali madzi a m'botolo, aliyense lake,
ndi mnyamata wa tayi wochokera ku Lilongwe
akuwalitsa mawu pakhoma.
Chikalata chake chinali chonenepa,
Chingerezi chokhachokha, chosalowa m'kamwa.
Anati pofika chaka chakutichakuti
idzakhala italumikizidwa sukulu iliyonse.
Magetsi anathima pa mawu oti iliyonse.
Tinaseka.
Naye anaseka, ndipo ndinayamba kumukhulupirira pang'ono.

Atatipatsa mpata ndinaimirira, nsapato zikundiluma.

Ndinati: ine ndimaphunzitsa kompyuta ndi choko.
Ndimajambula kiyibodi pabolodi,
ana makumi asanu ndi atatu n'kumagogoda madesiki ndi zala.
Dailesi amalemba dzina lake osayang'ana
pathabwa limene silinamuyankhepo.
Makompyuta tili nawo, khumi, mphatso ya zaka zinayi zapitazo,
ali mu ofesi ya ahedi, ofunditsidwa nsalu ngati odwala malungo,
mavu anamangamo kale.
Waya wa magetsi anathera pachigayo cha a Nakhumwa.
Kwatsala mapolo atatu.
Atatu basi, bwana, ndinawayesa ndi mapazi.

Ndinati: lembanimo chulu.
Kuseri kwa tchalitchi kwathu kuli chulu,
ndi pokhapo pamene netiweki imakumbuka kuti tilipo.
Amayi othyola tiyi amatula madengu m'munsi
n'kukwera mosinthana, mkono m'mwamba,
kudikira uthenga wa ndalama kuchokera ku Joni.
Pamwamba pake pasalala ngati mphero.
Mwezi watha mayi Esinta anaterereka napo,
dzanja lamanzere n'kuthyoka,
lamanja lili chigwirire foni, osailola kukhudza dothi.

Ndinati: lembaninso usiku uja
madzi anatsika m'phiri atasenza miyala.
Chenjezo linatipeza patapita masiku awiri,
tili kale m'kalasi ndi mikeka yathu yonyowa.
Linali laulemu, lolembedwa bwino.
A Nakhumwa anandipempha ndiwamasulire,
ndinawauza kuti akuti tisamale.

Mnyamata uja analemba, cholembera chikuthamanga.
Anafunsa kutalika kwa chulucho.
Palibe anandifunsapo zimenezo.

Alawansi ndinagulira choko, mabokosi awiri,
yotsala ndinakhomeretsa nsapato za eni.

Chikalata chomaliza chinabwera nyengo ya nanazi,
chachikuto chonyezimira, chonunkha utoto.
Ndinachiwerenga usiku ndi tochi ya foni
kufunafuna chulu chathu.
Ndinachipeza patsamba la makumi anayi ndi chimodzi,
chitasanduka mawu atatu:
madera ovuta kufikako.
Mayi Esinta mulibemo.
Koma mzere wotsatira ukuti machenjezo azitumizidwa
m'zilankhulo zimene anthu amalota,
kapena ndine ndamasulira choncho.

Sabata yatha kunabwera anthu awiri a zipewa zolimba,
anayeza kuchokera pachigayo,
anakhoma chikhomo chopaka utoto wofiira, napita.
Pano a Nakhumwa amamangirirapo mbuzi.

Lolemba ndinajambulanso kiyibodi,
choko chatsopano, mizere yowongoka.
Dailesi anakweza dzanja:
Aphunzitsi, ndamaliza kulemba kalata,
batani lotumizira ndi liti?
Ndinamulozera.
Anadina desiki mwamphamvu,
kalasi yonse n'kukhala chete,
kumvetsera.