Fodya Sayang'anidwa Kamodzi

Bambo anagwa Lachiwiri m'chigafa kwathu ku Santhe,
masamba a fodya akadali m'manja.
Pakamwa panapotokera mbali imodzi,
dzina langa linatuluka lothyoka pakati:
"Mwati..." basi.
Ndine Mwatitha, koma tsikulo ndinatsala theka.

Pa boma anatiuza kuti ndi sitiroko,
anatilembera kalata ya ku Lilongwe.
Kumeneko anawagoneka pakabedi kopapatiza
kamene kanawalowetsa mutu m'makina oyera
onga gudumu la thirakitala.
Chithunzi chinatuluka chotuwa ngati phulusa.
"Magazi sanatayikire mu ubongo," anatero a dokotala Mwafulirwa,
"mtsempha wangotsekeka. Tiwapatsa mankhwala osungunula magazi."
Ine ndinapinda mawuwo ngati lisiti,
ndinaika m'thumba, ndinati nkhani yatha.

Lachisanu bambo anasanza phala.
Anagona tulo tosadzuka ndi dzina lawo,
ngakhale ndinakuwa "a Zakeyu!" mopanda ulemu, ngati wodzatenga ngongole.
Adokotala anati, "Tiwajambulenso."
Ndinapsa mtima.
Mutu ndi womwewo, ndinatero,
makina ndi omwewo, mzere wa anthu wafika pakhomo,
kumudzi fodya akuwola,
ine ndagona pasimenti masiku atatu.
Mufuna kuonanso chiyani?

Sanandiyankhe. Anangoika zithunzi ziwiri pamodzi,
cha Lachiwiri ndi cha lero.
Pachiwiricho panali kadontho koyera,
kochepa kuposa njere ya nsawawa,
pamalo pomwe dzana panalibe kanthu.
"Awa ndi magazi. Ayamba kudontha pomwe panavulala.
Mankhwala aja tiyambe taimitsa."

Ndinakhala pansi.
Ndinakumbukira bambo m'mamawa uliwonse wa Malichi,
tochi kukamwa, akukweza tsamba kuloza kuwala,
tsamba lomwe analiona dzulo, analionanso dzana.
Ndili mwana ndinkawaseka.
Iwo amati, "Iwe, fodya sayang'anidwa kamodzi.
Lero wachita chikasu, mawa wagwira nkhungu kunsi kwa mtsempha.
Woona kamodzi amagulitsa manyowa."

Tinabwerera ku Santhe patapita sabata ziwiri ndi theka,
iwo atatsamira phewa langa mu minibasi
ngati thumba la feteleza losamanga bwino.
Tsiku lobwereranso kukajambulitsa linalembedwa kuseri kwa buku lachipatala.
Amalume anati ndi kutaya ndalama,
munthu akudya kale yekha ndi dzanja lamanzere.
Ndinagulitsa mbuzi yamawanga kumsika,
sindinapemphe maganizo a wina aliyense.

Pachithunzi chachitatu kadontho kanali katazilala.
Panatsala chipsera chakuda,
ngati pomwe panapsa udzu m'mphepete mwa munda.
Chimenecho sichichoka, anatiuza mosabisa.
Koma mankhwala anayambidwanso, pang'onopang'ono,
ndipo a Mwafulirwa anaseka koyamba chiwaonereni.

Zithunzi zitatuzo ndimasunga m'sutikesi,
pansi pa chitenje cha malemu mayi.
Chimodzi pachokha chimanena zoona za ola limodzi lokha.
Zikakhala pamodzi zimafotokoza ulendo.

Dzulo bambo anakwawira m'chigafa ndi ndodo yawo,
mwendo wamanja ukulemba mzere m'fumbi.
Anathyola tsamba, analikweza kudzuwa,
analitembenuza, analitembenuzanso.
Kenako anandiyang'ana nthawi yaitali, milomo ikulimbana:
"Mwati... tha."
Anaima kupuma pakati,
koma dzinalo linafika lonse.